Msewu wa mu location yathu wafa, tiuyambire pati?

Funsoli lachokera kwa mayi wina amene ali ndi golosale mu location ina konkuno ku Mzuzu. Ndalifupikitsa pang'ono:

"Msewu wathu kale ndi umene unali tauni ya location yonse, mashopu mbali zonse, chigayo, butchala, masaluni. Pano anthu amangodutsa pa kabaza kukagula ku tauni, mashopu ena atsekedwa, mvula ikagwa ndi matope okhaokha ndipo madzulo ndi mdima. Eni mashopu tapanga komiti ndipo tikusonkha mwezi ndi mwezi. Tikufuna tipente mashopu onse mtundu umodzi, timange chipata chokongola polowera, kenako tipemphe a khonsolo achotse mavenda ndi a kabaza amene adzaza kutsogolo kwa mashopu athu. Kodi tikuyamba bwino?"

Mayi, zikomo chifukwa cha funsoli. Pa chinthu chimodzi mwayamba bwino ndithu, poti mwakhala pansi n'kuyamba kusonkha osadikira kuti wina abwere ndi project, ambiri amathera pa kudandaula pa gulupu ya WhatsApp basi. Koma pa zitatu mwatchulazo, penti adikire kaye, chipata muchiiwale chaka chino, ndipo za kuchotsa mavenda ndi a kabaza ndikukanirani poyera, mukatero msewuwo muumaliza nokha ndi ndalama zanu zomwe. Komanso komiti ya eni mashopu okhaokha si anthu a pamsewu onse, ndi kagulu kamodzi chabe pa magulu ambiri amene amadyera pamenepo, ndiye pulani imene mujambule nokhanokha ituluka yokomera khonde lanu osati msewu.

Taganizani za kasitomala amene analowa mu golosale yanu dzulo madzulo kudzagula sopo ndi mafuta ophikira. Anachoka kunyumba chifukwa cha sopoyo? Nthawi zambiri ayi. Anabwera kudzagula tomato, mpiru ndi usipa wa ndiwo za madzulo kwa amayi akhala pansi aja, kapena watsika pa njinga pa siteji akuchokera ku ntchito, ndiye poti waima kale pamenepo akuti ndilowe ndigulenso sopo. Ndiwo munthu amagula tsiku ndi tsiku, sopo amagula mwa apo ndi apo. Amene amakoka mapazi kuti abwere pamsewu tsiku lililonse ndi wa tomato, wa chiwaya, wa makala, wa Airtel Money ndi Mpamba, ndi mnyamata wa Sacramento, kabaza wa njinga yakapalasa, amene amatsitsa anthu pakhomo panu penipeni. Muwachotse amenewa mupeza kutsogolo kwa shopu kwayera mbee, koma nawo makasitomala atsatira tomato kumene wapita. Sindikunena kuti palibe vuto, ndikudziwa kuti ena amayala katundu mpaka kutseka khomo, zinyalala amasiya pompo, a njinga zamoto amaimika paliponse. Amenewo ndi mavuto a malo, ndani akhale pati ndipo asiye mpata wotani, ndipo amathetsedwa ndi tepi yoyezera ndi kukambirana.

Njira yothamangitsa tinaiyesa kale dziko lonse. Mu 2006, nthawi ya Bingu wa Mutharika, kunali Operation Dongosolo, mavenda anachotsedwa m'misewu ya m'mizinda kuti akalowe m'misika. Misewu inayera kwa kanthawi, koma yendani lero muone. Konkuno nkhani yowauza mavenda kuti apite ku msika wa Zigwagwa iwo n'kubwereranso m'misewu ya m'tauni tonse tikuidziwa, ndipo si kuti anthuwo ndi osamva, venda amakhala pamene pakudutsa anthu, mukamuika pamene sipadutsa anthu ana ake agona ndi njala ndiye abwerera basi. Ku Durban ku South Africa kuli malo otchedwa Warwick Junction, pamene pamakumana masitima, mabasi ndi ma taxi. Cha m'ma 1990 khonsolo ya kumeneko inasintha kachitidwe, mmalo mothamangitsa inayamba kukhala pansi ndi ochita malonda gulu ndi gulu n'kumawafunsa kuti ntchito yanu imafuna chiyani. Amayi ophika mitu ya ng'ombe anawakonzera malo okhala ndi matebulo olimba ndi potayira madzi a mafuta, ogulitsa mankhwala azitsamba anawapatsa msewu wa m'mwamba umene unasiyidwa osamalizidwa n'kukhala msika wawo. Ena mwa amene ankagwira ntchitoyi anadzayambitsa bungwe la Asiye eTafuleni mu 2008, ndipo mu 2009 khonsolo itafuna kuika mall pamalo a msika wakale, ochita malondawo anakana mpaka mall sinamangidwe. Durban ndi mzinda waukulu, ndalama zake sitingafanane nazo, koma kufunsa munthu kuti tebulo lako likhale lalitali bwanji sikufuna ndalama.

Ndiye musanagule olo thumba limodzi la simenti, werengani. Ndikutanthauza kuwerenga kwenikweni ndi kope ndi bolopeni. Pezani achinyamata angapo, aime malo atatu kapena anayi pamsewupo, m'mawa anthu akupita ku ntchito, masana ana akuweruka, ndi madzulo kuyambira cha m'ma 4 mpaka mdima. Alembe kuti adutsa angati wapansi, angati pa njinga, magalimoto angati, ndipo chofunika kwambiri, anthu akuima pati ndipo akuwoloka pati. Achite tsiku la pakati pa sabata, Loweruka, komanso Lamulungu anthu akutuluka ku tchalitchi, ndipo mubwereze kumapeto kwa mwezi anthu atalandira chifukwa msewu wa pa 12 ndi wa pa 30 ndi misewu iwiri yosiyana. Kawirikawiri zimene zimatuluka zimadabwitsa eni ake. Mupeza kuti anthu sanasiye kudutsa, angosiya kuima, kapena kuti onse amayenda mbali imodzi chifukwa mbali inayo kuli chithaphwi chimene sichiuma, ndipo mashopu otsekedwa aja ali mbali ya chithaphwiyo. Mwinanso mupeza kuti anthu anatsegula kanjira kachidule kuseri kwa mashopu ndipo msewu weniweni pano ndi kameneko. Mufunsenso amene akukwera kabaza kupita ku tauni kuti akukagula chiyani chimene pano palibe, mayankho ake muwalembe mmene awanenera. Kopeli lidzakuthandizani kawiri, pojambula pulani komanso pokaonekera ku khonsolo, chifukwa munthu wobwera ndi manambala amamumvera mosiyana ndi wobwera ndi madandaulo okha.

Tsopano madzi, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa ku Mzuzu msewu umaphedwa ndi madzi kuposa china chilichonse. Mzinda uno wakhala pa timapiri ndi madambo, mvula yake ndi yambiri ndipo imapitirira mpaka April pamene kumwera anthu ayamba kale kukolola. Amene analipo mu April 2016 akukumbuka mmene mvula inagwetsera nyumba m'ma location ambiri. Ndiyenso mzindawu wakula mothamanga, unayamba ngati esiteti ya mitengo ya tung cha m'ma 1947, unakhala city mu 1985, ndipo pofika kalembera wa 2018 munali anthu oposa 220,000. Nyumba iliyonse yatsopano ya malata kumtunda kwanu ndi madzi ena amene kale ankalowa m'nthaka koma pano akuthamangira mumsewu wanu. Choncho tsiku limene mvula yagwa yamphamvu, musabisale mu shopu, tengani maambulera komiti yonse muyende kuyambira kumtunda mpaka kumunsi mukuona madzi akuchokera kuti, akudumpha pati, akuima pati, mujambule ndi foni. Pa dzuwa zimenezi simungazione, olo injiniya wochokera ku Lilongwe atabwera mu September sangazione, koma amayi ogulitsa makala amene amasamutsa matumba awo mvula ikayamba akuuzani malo enieni.

Zimene mupeze ndikhoza kulosera. Ngalande ilipo koma inakwiririka ndi mchenga ndi mapepala a pulasitiki, ndipo mwini shopu aliyense anathira dothi kapena anaika slab pakhomo pake kuti makasitomala aziwoloka, n'kutseka njira ya madzi. Khalavati ya pamphambano ndi yaing'ono kapena inatsekeka kalekale. Madenga a mashopu alibe magata ndiye madzi amagwera pamene anthu amayenda n'kukumba. Zambiri mwa izi ndi ntchito ya makasu, mafosholo ndi wilibala. Ngalande muyambe kuikonza kumunsi kumene madzi akatulukire n'kumakwera, mukayamba kumtunda mungowathamangitsira madzi m'nyumba ya munthu wa kumunsi ndipo mudzakhala ndi mlandu kwa a block leader. Ndipo anthu a kumunsiwo akhale nawo pa zokambirana kuyambira tsiku loyamba ngakhale alibe shopu. Powolokera pakhomo la shopu pakhale ma slab otheka kunyamula kuti muzitha kuchotsa mchenga, osati kuwaka mpaka kalekale. Kupenta mashopu madzi asanapeze njira kuli ngati kudzola mafuta osasamba, pofika February matope adzakhala atafika pa windo.

Musanakumbe dziwani kaye kuti msewuwo ndi wa ndani. Ngati ndi M1 yopita ku Ekwendeni ndi Karonga kapena M5 yotsikira ku Nkhata Bay, imeneyo ili m'manja mwa Roads Authority ndipo malo a msewu ndi mamita 30 mbali iliyonse kuchokera pakati, chimene mwamanga m'menemo chikhoza kugwetsedwa tsiku lililonse popanda chipukuta misozi. Ngati ndi msewu wa mkati mwa location, pitani ku Mzuzu City Council, ku ofesi ya engineering ndi ya planning. Pansi pamenepo pakhozanso kukhala mapaipi a Northern Region Water Board, ndipo mapolo a ESCOM simusuntha nokha. Anthu ambiri amaopa kupita ku khonsolo poganiza kuti akawakaniza, koma kupita ndi pulani yanu m'manja n'kosiyana ndi kupita kukapempha kuti atichitire. Chitsanzo chimene ndimachikonda pa nkhani yogawana ntchito ndi cha ku Orangi, dera lalikulu la anthu osauka ku Karachi m'dziko la Pakistan. Kuyambira 1980, Akhtar Hameed Khan ndi anzake anathandiza anthu kuti kanjira kalikonse kasankhe mtsogoleri wake, kasonkhe ndalama, n'kudziikira kokha mapaipi a zonyansa, akatswiri ankangothandiza kuyeza ndi kujambula, ndipo mapaipi akuluakulu olandira zonsezo inali mbali ya boma. Inunso gawani choncho, ngalande za kutsogolo kwa mashopu ndi poyenda anthu ndi zanu, khalavati ya pamphambano, giredala ndi kunyamula zinyalala ndi za khonsolo, ndipo muzilembe pa pepala kuti aliyense adziwe mbali yake. Pa zoyeza, ku Mzuzu University (Mzuni) ku Luwinga amaphunzitsa za kuyeza malo ndi mapulani a mizinda, ophunzira amafuna malo ochitira practical, kalata imodzi ya komiti ikhoza kukupezerani mapu abwino.

Za msonkhano. Mukaitanitsa mu holo 2 koloko masana, mipando kutsogolo ya akuluakulu, pemphero, mawu a wapampando, mawu a mlendo wolemekezeka, abwera ndi eni mashopu ndi madoda opuma ntchito, ndipo ayankhula ndi anthu atatu. Mayi wa tomato sangasiye benchi lake nthawi imeneyo, wa kabaza akakhala pa msonkhano ndiye kuti tsiku limenelo sanapeze ya bwana wa njinga. Inu ndi amene mupite kwa iwo. A kabaza ali ndi tcheyamani wa pa siteji, mavenda ali ndi atsogoleri awo, yambani ndi amenewo, gulu lililonse palokha, nthawi imene malonda ali ozizira. Amayi muwafunse paokha chifukwa pamaso pa abambo sadzatchula za chimbudzi kapena za ngodya imene amaopa kudutsa usiku. Ana a sukulu afunseni pamene amawolokera. Ngati pali munthu woyenda pa wheelchair kapena wosaona mu location, yendani naye msewu wonse kamodzi, muona masitepe ndi maenje amene maso anu anazolowera. Ndipo poti kuno ndi ku Mzuzu, munthu ayankhule Chitumbuka, Chitonga kapena Chichewa mmene wamasukira, agogo amene akudziwa kumene kunkadutsa kamtsinje nyumba zisanamangidwe asakakamizidwe chiyankhulo chimene sachimasuka nacho.

Pulani yoyamba isakhale ya pa kompyuta. Anthu akaona pepala losindikizidwa bwino amaganiza kuti zatha kale, amangoti zili bwino, kenako n'kukadandaula kuseri. Jambulani msewu pansi ndi ndodo kapena pa makatoni ndi makala, mabotolo akhale mashopu, miyala ikhale mabenchi a malonda, aliyense athe kusuntha mwala n'kunena kuti ayi ine pamenepa dzuwa limandiwotchera nsomba. Padzakhala mkangano, makamaka pa malo a pamphambano amene aliyense amawafuna, ndipo ndi bwino ukangane pa makatoni kusiyana n'kudzakangana simenti itauma. Chimodzi chokha musagonje, mpata woyenda anthu. Pafunika mamita awiri kapena kuchepera pang'ono, oti mayi wobereka mwana atanyamula beseni apishane ndi munthu wina osatsikira mumsewu, ndipo mpatawo upitirire kuyambira koyamba mpaka kumapeto osadukizidwa ndi jenereta ya wina, sign post ya saluni kapena matumba a simenti a hardware. Apa eni mashopu nanunso mudzaluzapo, chifukwa ena mwa inu makonde anu analowa mumsewu kuposa benchi la venda. Mavenda akaona kuti inunso mwabweza katundu wanu m'mbuyo, kuwauza kuti asunthe mita imodzi sikuvuta.

Mukagwirizana, yesani kaye ndi zinthu zotchipa. Laimu kapena phulusa lolembera mizere, matayala akale, nsungwi, zigubu zodula pakati zothiramo dothi. Lembani kuti apa ndi poyenda, apa mabenchi a ndiwo, apa siteji ya njinga, apa poimika galimoto yotsitsa katundu, ndipo muwauze a khonsolo ndi a traffic musanayambe. Musiye choncho mwezi wathunthu, achinyamata aja awerengenso, mufunse aliyense ngati malonda akwera kapena atsika. China chake chidzalakwika ndithu, mwina siteji mwaiika patali ndipo okwera akuimitsa njinga pamalo akale, ndiye mungosuntha matayala basi palibe chimene mwaluza. Siteji imayenera kukhala pamene anthu amatsikira kale, kungoti ilowe pambali pang'ono kuti njinga zisaime pakhomo la munthu. A kabaza mukawapatsa malo awoawo okhala ndi kamthunzi amasanduka apolisi a msewuwo, iwo ndi amene amakhalapo kuyambira m'bandakucha mpaka usiku ndipo amadziwa nkhope iliyonse yachilendo. Za mahampu, musamange anu a dothi usiku ngati mmene ena amachitira, amagwetsa a njinga zamoto ndipo amatseka madzi, pemphani ovomerezeka. Nthawi zambiri msewu ukaoneka wopapatiza chifukwa cha matayala ndi mitengo madalaivala amachepetsa okha liwiro.

Mdima ndi wosavuta kusiyana ndi mmene anthu amaganizira. Simukufunika mapolo ataliatali ngati a pa Orton Chirwa Avenue. Shopu iliyonse ikhale ndi babu limodzi panja loyang'ana poyenda anthu, la sola ngati n'kotheka chifukwa za magetsi mukuzidziwa, lomangidwa m'mwamba pa khoma la mwini wake kuti likabedwa kapena likafa tidziwe wofunsa. Magetsi a pa polo la aliyense ndi amene amabedwa batire. Malonda a mu location amatentha kuyambira 5 mpaka 8 madzulo, ndipo mu June ndi July kuno kumada msanga n'kuzizira, ndiye maola amenewo mukawapulumutsa mwapulumutsa tsiku. Chimbudzi cholipiritsa chokhala ndi madzi ndi munthu wochisamala, amene ndalama yake ikuchokera pomwepo, chimasunga anthu pamsewu kuposa chokongoletsa china chilichonse, ngakhale palibe amene amafuna kujambulitsa pa chimbudzi tsiku lotsegulira. Mitengo dzalani mvula ikakhazikika, nyengo yodzala mitengo imayamba pakati pa December, koma osati bulugamu kapena malaina pafupi ndi ngalande ndi maziko, mizu yake idzakuphwanyirani. Mtengo uliwonse ukhale ndi mwini, amene benchi lake kapena shopu yake ili pafupi, ndi kampanda koteteza ku mbuzi. Ndipo ikani pokhala. Eni mashopu ambiri amadana ndi benchi poopa kuti pazikhala anyamata osagula, koma agogo amene apeza popumira ndi amene amabwera ndi adzukulu ofuna mafiriziz.

Mashopu otsekedwa aja ndi nkhani ya malandilodi, ndipo m'kalata yanu simunawatchule. Ambiri mwa inu mukuchita lendi, eni nyumba ena ali ku Lilongwe ena ku Joni. Zinthu ziwiri zikhoza kuchitika. Choyamba, landilodi amasiya shopu yotseka miyezi akudikira munthu wolipira lendi ya kale, pamene chitseko chotseka chimaziziritsa ndi mashopu oyandikana nacho omwe. Mukambirane nawo kuti shopu yaikulu aigawe pawiri kapena patatu, telala, wokonza mafoni ndi wa kaunjika agawane lendi, kapena alole munthu ayesere miyezi itatu pa mtengo wotsika. Chachiwiri ndi chowawa, msewu ukakongola lendi imakwera, ndipo inu amene munakumba ngalande ndi amene mudzatulutsidwe kuti alowe wina wa ndalama. Ndiye panopa msewu udakali wa matope, ino ndi nthawi yosainirana mapepala a lendi a zaka ziwiri kapena zitatu. Ku America vuto la misewu ya m'matauni ang'onoang'ono kufa chifukwa cha mashopu akuluakulu a kunja kwa tauni analiona kale, ndipo mu 1977 bungwe la National Trust for Historic Preservation linayesa njira yatsopano m'matauni atatu, Galesburg, Madison ndi Hot Springs. Zimene anapeza n'zoti kukonza maonekedwe ndi mbali imodzi chabe mwa zinayi, zinazo ndi kukhala ndi gulu lolimba loyendetsa zinthu, kuitanira anthu, ndi kuona kuti pamsewupo pakugulitsidwa zimene anthu akufuna. Mfundo yomalizayi ikukukhudzani, ngati pa mashopu khumi, asanu mwa iwo ndi magolosale ogulitsa shuga ndi sopo yemweyo, penti sangasinthe kanthu. Mayankho a anthu okwera kabaza aja ndi amene akuuzeni kuti pakusowa pharmacy, butchala ya furiji, kapena pogulitsa gasi.

Ndalama mukusonkhazo zisakhale m'thumba la msungichuma kapena mu foni ya munthu mmodzi. Akaunti ya gulu, osainira atatu ndipo mmodzi akhale wochokera kwa mavenda kapena a kabaza, ndipo mwezi uliwonse zolowa ndi zotuluka zimatidwe pa khoma poti aliyense aone. Makomiti ambiri amafa ndi mphekesera ya ndalama osati kuba kwenikweni. Musasunge ndalama nthawi yaitali mukudikira kuti zikwane ntchito yaikulu, munaona mu November 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti mmene mitengo ya simenti ndi malata inathamangira. Zikakwana miyala gulani miyala, zikakwana ma slab asanu umbani asanuwo, chigawo chimodzi chithe anthu achione. Amene sangathe kusonkha ndalama asonkhe manja, ndipo Lachisanu lachiwiri la mwezi, limene boma linakhazikitsa mu 2020 kuti likhale losesa, mukhoza kulisandutsa tsiku lochotsa mchenga m'ngalande. Kwa khansala ndi komiti ya chitukuko ya ward pitani ndi pepala lija logawa ntchito, mupemphe chinthu chimodzi chodziwika mtengo wake, monga khalavati, kuti chilowe mu bajeti ya khonsolo kapena ya CDF, thumba la chitukuko cha m'dera la phungu. Koma chenjerani ndi andale nthawi ya kampeni, thandizo landirani, mtundu wa chipani pa khoma kapena pa benchi ayi, chifukwa theka la makasitomala anu ndi a chipani china ndipo wopambana akadzakhala wina msewu wanu udzalangidwa.

Penti adzabwera ngalande ikayenda nyengo imodzi ya mvula osasefukira, cha mu May kapena June makoma atauma. Ndipo ine sindingakulangizeni mtundu umodzi. Makampani a mafoni ndi a sopo amapenta mashopu ulere n'kuika dzina lawo, msewu wonse n'kuoneka ngati wa kampani, nanunso mukapenta mofanana munthu sadziwanso kuti kwa mayi uja wa buledi wabwino ndi pati. Gwirizanani zochepa, mwina m'munsi mwa khoma mukhale mtundu wakuda wobisa matope, zikwangwani zikhale pa msinkhu umodzi ndipo zisatsekereze poyenda, kwinako aliyense apente mmene akufunira ndipo ntchitoyo mupatse ma sign writer a mu location momwemo. Ndalama ya chipata ija mugulire mababu a panja, wilibala ziwiri ndi mafosholo, yotsalayo mulipire achinyamata owerenga aja, ndipo pa msonkhano wa komiti ukubwerawu muitane tcheyamani wa kabaza ndi amayi awiri a pa mabenchi a ndiwo, adzakhale ndi voti ngati inu.